PAL kapena NTSC? Zoti muyang'ane musanagule gemu yakale

 Andipatsa mphindi zingapo kuti ndilankhule za magemu akale, aja a m'zaka za m'ma 1980, m'ma 1990 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 2000. Ndikhazikika pa funso limodzi limene ambiri amadzifunsa ndalama itatuluka kale m'thumba: gemu imeneyi ndi ya PAL kapena ya NTSC?

Mwina wina akuti, "Aaa, zimenezo n'za azungu, ife zikutikhudza pati?" Amwene, zikutikhudza kuposa iwowo. Mnyamata wa ku London akapita pamsika wa zakale wa kwawo, pafupifupi chimbale chilichonse chimene apeze ndi cha ku Ulaya, chogwirizana ndi makina ake. Ife katundu wathu wa kaunjika ndi wosakanikirana. Katoni ina yachokera ku England, ina ku America, china chabwera ndi achimwene ochokera ku Joni, china chalembedwa Chijapani chokhachokha. Venda amangoziunjika pamodzi, ndipo mukamufunsa amati, "Zonse zimagwira, bwana." Nthawi zambiri si kuti akukuberani, naye sadziwa. Koma mukafika kunyumba chimbale n'kukana, kapena chithunzi n'kutuluka chakuda ndi choyera, kapena makina n'kununkha utsi, woluza ndinu.

Tiyambe ndi kumene chisokonezochi chinachokera. TV zakale zija zonenepa kumbuyo sizinkaonetsa chithunzi chonse nthawi imodzi. Kadontho ka kuwala kankathamanga kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako n'kubwerera kukayambiranso. Akatswiri anagwirizanitsa liwiro limeneli ndi magetsi a m'dziko mwawo. Ku America magetsi amagunda ka 60 pa sekondi, ndiye TV zawo zinkajambula ka 60 pa sekondi, ndi mizere 525. Ku Ulaya magetsi amagunda ka 50, ndiye TV zawo zinkajambula ka 50, ndi mizere 625. Itafika nthawi yoika mitundu m'chithunzi, a ku America anavomereza njira yawo mu 1953, n'kuipatsa dzina la komiti imene inaikonza, NTSC. Njirayi inali ndi kachilema: mitundu inkasokera panjira, nkhope ya munthu n'kuoneka yobiriwira, moti TV zawo zinali ndi kabatani kokonzera zimenezo. Ku Germany, katswiri wina dzina lake Walter Bruch wa kampani ya Telefunken anapeza njira yothetsera vutoli, ndiye PAL imeneyo, ndipo inayamba kuulutsidwa mu 1967 ku Britain ndi ku West Germany. A ku France anakana zonse ziwiri n'kupanga yawo, SECAM, imene inagwiritsidwanso ntchito ku Soviet Union. Japan, Canada, Mexico ndi South Korea anatsata NTSC. Brazil ndiye anasakaniza, mitundu ya PAL koma liwiro la ku America.

Nanga ife? South Africa inayamba kuulutsa kanema mu 1976 pa PAL. Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique nawonso PAL. Kuno ku Malawi wailesi ya kanema inayamba mu 1999, nayonso PAL, ndipo magetsi athu ndi 230V ogunda ka 50. Mwachidule tili kumbali ya Ulaya.

Tsono apa mumvetsere, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Gemu yakale inalibe wotchi yakeyake. Inkawerenga nthawi potsatira TV. TV ikamaliza kujambula chithunzi chimodzi, gemu imasuntha munthu wanu pang'ono, imasuntha adani, imaimba kachidutswa ka nyimbo, n'kudikira chithunzi chotsatira. Ndiye taganizani gemu imene inalembedwa ku Japan kuti izichita zimenezi ka 60 pa sekondi, mwaibweretsa kumene zimachitika ka 50. Chilichonse chimachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, pafupifupi 17 peresenti. Mpikisano umene ku America umatha pa masekondi 50, ku Ulaya umatenga masekondi 60. Chitsanzo chodziwika ndi Sonic the Hedgehog wa mu 1991 pa Mega Drive. Gemu yonse ija inagona pa liwiro, koma ana a ku Ulaya anakula ndi Sonic wothamanga ngati wakhuta nsima, nyimbo zake zokoka mwendo, ndipo ambiri sanadziwe mpaka atakula. Palinso china. Popeza PAL ili ndi mizere yambiri, gemu yojambulidwira NTSC siidzaza sikirini. Kumwamba ndi kunsi kumatsala malamba akuda, ndipo anthu a m'gemumo amaoneka afupi ndi onenepa ngati wina wawakhalira pamutu. Final Fantasy X imene inatuluka ku Ulaya mu 2002 pa PlayStation 2 inadandaulitsa anthu kwambiri pa zomwezi. Makampani ena ankavutikira n'kukonza liwiro asanagulitse ku Ulaya, ena ankangosintha katoni basi.

Musanasokonezeke, pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazisakaniza. Pali mtundu wa chithunzi, umene ndangofotokozawu. Pali loko imene makampani ankaika dala kuti gemu ya dera lina isagwire pa makina a dera lina, n'cholinga choti azilamulira mitengo ndi masiku otulutsira. Ndiye pali magetsi. Japan ndi America onse ndi NTSC, komabe chimbale cha ku Japan chimakana pa PlayStation ya ku America. Imeneyo ndi loko, si chithunzi. Za magetsi ndizisungira kumapeto chifukwa ndi zimene zimapha makina.

Ndikhalitsa pa PlayStation, chifukwa ndi imene ambirife timakumana nayo. Yoyamba inatuluka ku Japan mu December 1994, ku America ndi ku Ulaya mu 1995, ndipo PS2 inabwera mu 2000. Tengani chimbale, osati chikuto chake. Ndikubwereza, chimbale chenichenicho, chifukwa pa kaunjika zikuto zimasinthanasinthana, ndipo paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa chimbale choyambirira pamakhala kabokosi kolembedwa PAL, kapena NTSC U/C, kapena NTSC J. U/C ndi America ndi Canada, J ndi Japan. Ngati kabokosiko kafufutika, funani nambala yoyamba ndi zilembo zinayi. SLES kapena SCES ndi Ulaya, kutanthauza PAL. SLUS kapena SCUS ndi America. SLPS, SLPM kapena SCPS ndi Japan. Musavutike kuloweza zonse, ingoyang'anani chilembo chachitatu: E, U kapena P. Chachiwiricho chimangonena amene anasindikiza, C ndi a Sony eniake, L ndi kampani ina yopatsidwa chilolezo. Chenjerani ndi P ameneyu, ambiri amaganiza kuti akuimira PAL, chonsecho ndi Japan.

Nanga chimbale chikakhala choyera mbee, wina anangolembapo dzina ndi cholembera? Chilowetseni mu kompyuta, mutsegule muone mafayilo. Mupeza kafayilo kotchedwa SYSTEM.CNF. Katseguleni ndi Notepad. Muona dzina la fayilo imene makina amayamba kuwerenga, ndipo dzinalo ndi nambala ija, mwachitsanzo loyamba ndi SLES kapena SLUS. Pa zimbale za PS2 pamakhalanso mzere wolembedwa VMODE, ndipo kutsogolo kwake amalemba mosabisa, PAL kapena NTSC. Wolemba ndi cholembera akhoza kunama, kafayilo aka ayi.

Makina nawo ali ndi chizindikiro chake. Atembenuzeni, muwerenge kapepala komata pansi kapena kumbuyo. Pali nambala yoyamba ndi SCPH, ndipo chofunika ndi nambala yomalizira. Pa PlayStation yoyamba, 0 ndi Japan, 1 ndi America, 2 ndi Ulaya pamodzi ndi Australia. Ndiye SCPH-1001 ndi ya ku America, SCPH-1002 ndi ya PAL. Pa PS2 anagawa mopitirira: 0 Japan, 1 America, 2 Australia, 3 Britain, 4 maiko ena a ku Ulaya. Mukaona 2, 3 kapena 4 kumapeto kwa nambala ya PS2, imeneyo ndi ya kumbali yathu. Makina ambiri amene amazungulira m'matauni mwathu anaikidwa chip kale, ndipo amalandira chimbale cha dera lililonse. Koma chip imathyola loko yokha. Mukaika gemu ya NTSC, makina atulutsa chithunzi cha NTSC, ndipo TV yanu ikakhala yosachidziwa muonera mpira wakuda ndi woyera, osasiyanitsa jezi ya Brazil ndi ya England.

Poti ndatchula mpira, a Master League tcherani khutu. Winning Eleven ndi Pro Evolution Soccer ndi ana a nyumba imodzi ya Konami: dzina loyambalo ndi la ku Japan, lachiwirilo linayamba ku Ulaya mu 2001.  Koma chimene chimaliza anthu ndi memory card. Makina amasunga zimene mwasewera pansi pa nambala ija ya chimbale. Mukasewera miyezi itatu pa chimbale cha SLES, chimbalecho n'kukalika, inu n'kukagula gemu yomweyo koma ya SLUS, yatsopanoyo siiona timu yanu ngakhale ili momwemo m'khadimo. Ndiye pokagula china, lembani nambala ya chakalecho papepala mupite nayo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku makaseti. Ambiri a ife gemu yoyamba kuigwira inali ya makina aja otchipa obwera ndi kamfuti, a makaseti achikasu olembedwa 9999 in 1, chonsecho magemu enieni ndi ochepa ongobwerezabwereza. Amene aja sanali a Nintendo. Anali otengera Famicom, makina amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, amene ku America anafika mu 1985 atasintha maonekedwe n'kutchedwa NES. Kaseti ya Famicom ndi yaing'ono, ili ndi mano 60. Ya NES ndi yaikulu, yotuwa, ili ndi mano 72, ndipo silowa m'makina achikasu aja ngakhale mutaikankha ndi bondo. Makina otengerawa analibe loko, ndipo opangidwira maiko a PAL ankatulutsa chithunzi cha ka 50 pa sekondi akusewera magemu olembedwera ka 60. Ndiye ngati mwamva nyimbo ya Super Mario pa YouTube n'kuona ngati ikuthamanga kuposa imene mumaikumbukira, si makutu anu. Munakulira yochedwa. Kamfuti kaja, ndingodutsapo, sikagwira pa TV zopyapyala zimene timangozitcha plasma. Kankadalira kung'anima kwa TV yakale, ndiye musakataye poganiza kuti kafa.

Mukapeza kaseti yeniyeni ya NES, yang'anani nambala ya pa chizindikiro chake. Imayamba ndi NES n'kumaliza ndi zilembo zitatu. USA mukudziwa kale. UKV ndi Britain, NOE ndi Germany, FRA ndi France, SCN ndi maiko a Scandinavia, AUS ndi Australia. Apa Nintendo inaonjeza nkhanza: inagawa PAL yomweyo pawiri. Britain, Italy ndi Australia anali gulu A, maiko ena a ku Ulaya gulu B, ndipo kaseti ya A imakana pa makina a B ngakhale chithunzi n'chimodzimodzi. Pa Super Nintendo maso okha amathandiza. Kaseti ya ku America ndi ya makona, nambala yake imayamba ndi SNS. Ya ku Ulaya ndi ya ku Japan ndi zozungulira m'mapewa ndipo zimafanana thupi, moti ina imalowa bwinobwino m'makina a inzake koma osayaka. Kusiyana kwake, ya ku Ulaya imayamba ndi SNSP, ya ku Japan SHVC. Pa Nintendo 64 tengani chitsanzo cha Super Mario 64: NSME ndi America, NSMP ndi PAL, NSMJ ndi Japan. Mwaona msampha? Kwa Nintendo, E ndi America ndipo P ndi PAL. Kwa Sony, E ndi Ulaya ndipo P ndi Japan. Zilembo zomwezo, matanthauzo otembenuka. Musatenge lamulo la nyumba ina kukaweruzira kwina.

Sega ndi yosavuta. Pakalembedwa Genesis ndi America. Pakalembedwa Mega Drive ndi Japan kapena maiko a PAL, ndipo Chijapani pa katoni chikuuzani chokha. Manambala ambiri a ku Ulaya amathera ndi 50. Magemu oyambirira analibe loko, kaseti ya Genesis inkasewera pa Mega Drive ya ku Ulaya, kungoti pa liwiro la makinawo. Pambuyo pake ena anayamba kufufuza dera n'kukulemberani uthenga pa sikirini woti gemuyi si ya makina anu. Game Boy ya mu 1989 ilibe nkhani zonsezi, chifukwa ili ndi sikirini yakeyake ndipo siidalira TV. Kaseti ya dziko lililonse imagwira. N'chimodzimodzinso magemu a PSP.

Tsopano makompyuta enieni a m'nyumba a nthawi imeneyo, Commodore 64, Amiga, ZX Spectrum. Kuno simuwapeza kawirikawiri, koma ndi amene amandisangalatsa, chifukwa kumeneku nkhani imatembenuka. Makinawa analibe loko, ndipo pa tepi kapena pa disiki nthawi zambiri sankalembapo PAL kapena NTSC. Gemu imalowa, imayamba, kenako n'kuyamba misala. Commodore 64 inatuluka mu 1982. Ya NTSC ubongo wake umathamanga pa 1.023 MHz, ya PAL pa 0.985 MHz, ndiye mukhoza kuganiza kuti ya ku America ndiyo yamphamvu. Koma ya PAL imajambula mizere 312 pa chithunzi chilichonse pamene ya NTSC imajambula 263, kutanthauza kuti pakati pa chithunzi ndi chinzake, ya PAL ili ndi mpata wokulirapo wochitira ntchito. Anyamata a ku Britain, Germany ndi Sweden amene ankalemba magemu ankaudya mpata wonsewo osasiyako. Gemu yotero mukaiika pa makina a ku America, nthawi imatha ntchito isanathe: zithunzi zimanjenjemera, nyimbo imathamanga, mwina kuima kumene. Pa Amiga zimaoneka ndi maso, chifukwa PAL ili ndi mizere 256 ndipo NTSC ili ndi 200, ndiye kunsi kwa gemu ya ku Ulaya kumadulidwa, komwe nthawi zambiri amaikako zigoli ndi moyo wanu. Choncho amene amati NTSC ndiyo yeniyeni ndipo PAL ndi yachabe akunena theka la nkhani. Gemu imakoma pa liwiro la kumene inabadwira.

Ndiye mungaidziwe bwanji gemu ya Commodore yopanda chizindikiro? Mumachita ngati wapolisi wofufuza. Ikakhala pa tepi, ngati ija ya nyimbo, mwachidziwikire ndi ya ku Ulaya, chifukwa ku America anthu anasamukira ku madisiki msanga. Yang'anani mtengo wosindikizidwa pa chikuto: kampani ya Mastertronic inkagulitsa magemu pa £1.99, ndipo chizindikiro cha paundi chakuuzani kale. Yang'anani keyala ya kampani. Ocean inali ku Manchester, Codemasters ndi ya ku England, Epyx ndi Broderbund za ku America. Koma musapusitsidwe ndi U.S. Gold. Dzina likuti America, chonsecho inali ku Birmingham, ntchito yake kutenga magemu a ku America n'kumawagulitsa ku Ulaya. Makina enieniwo, ngati kapepala kachoka, amatsegulidwa: chip ya chithunzi ikalembedwa 6569 kapena 8565 ndi PAL, ikalembedwa 6567 kapena 8562 ndi NTSC. Spectrum ya Sinclair ndi mwana wa ku Britain, ndi PAL basi. Atari 2600 ya mu 1977 ndiye ili ndi zakezake: kaseti ndi imene imalamula mizere yojambulidwa, ndipo mitundu imasiyana, 128 pa NTSC, 104 pa PAL, 8 yokha pa SECAM. Mukasokoneza, mitundu imasinthana malo, udzu n'kusanduka wa mtundu wina. Makaseti ambiri a PAL a Atari ali ndi P kumapeto kwa nambala. Magemu a pa PC, monga Doom ya mu 1993, alibe PAL kapena NTSC, chifukwa sankadutsa pa TV.

Pali zizindikiro zina zothandiza pamene nambala sikuoneka. Kabokosi ka zaka zoyenera kusewera ndi kamodzi: ESRB, ija ya zilembo E, T ndi M, inayamba ku America mu 1994. ELSPA inali ya ku Britain, PEGI inalowa ku Ulaya mu 2003, USK ndi ya ku Germany, CERO ndi ya ku Japan kuyambira 2002. Kumbuyo kwa chikuto kukakhala zinenero zinayi kapena zisanu ndi timbendera, ndi Ulaya ameneyo. Maina nawo amaulula. Contra ya pa NES ku Ulaya inatchedwa Probotector, ndipo asilikali anawasandutsa maloboti chifukwa cha malamulo a ku Germany oteteza ana. Star Fox inakhala Starwing. Resident Evil ku Japan ndi Biohazard, Mega Man ndi Rockman. Akamba aja a karate ku Britain ankatchedwa Hero Turtles, chifukwa akuluakulu a kumeneko ankaona kuti mawu oti ninja si abwino kwa ana.

Zonsezi zikalephera, funsani TV. Mitundu ya NTSC imayenda pa 3.58 MHz, ya PAL pa 4.43 MHz. TV ikasaka mitundu pamalo olakwika siipeza, n'chifukwa chake imakupatsani chakuda ndi choyera. Ikalephera kutsatira liwiro, chithunzi chimagubuduzika kukwera kapena kutsika. Musanatukwane venda, lowani mu menu ya TV mufufuze pamene alemba Colour System, muike pa AUTO kapena musankhe NTSC 3.58 nokha. TV zambiri zogulitsidwa kuno zimadziwa zonse ziwiri mukalumikiza ndi nthambo zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira. Zimene zimakonda kukana ndi TV zopangidwira msika wa ku America, zambiri sizilandira PAL. Pa TV zopyapyala, dinani batani la INFO pa rimoti. Ikalemba 576 kapena 50Hz mukuonera PAL, ikalemba 480 kapena 60Hz ndi NTSC kapena gemu ya ku Ulaya imene yaikidwa pa 60, chifukwa magemu ena a PS2 ndi ambiri a Dreamcast amakufunsani poyamba kuti musankhe. Akakufunsani ndipo TV yanu ikulola, sankhani 60. Nthambo ya eriyo ija muipewe ngati pali njira ina. Imaonjezera mavuto ake: makina a ku America amaulutsa pa tchanelo 3 kapena 4, a ku Britain cha pa 36, ndipo ngakhale PAL yokhayokha, mawu a ku Britain ndi a ku Germany amayenda posiyana, moti mukhoza kupeza chithunzi chabwinobwino koma mawu kungoti shiii.

Anzanga osewera pa foni kapena pa laptop ndi emulator, musaganize kuti mwapulumuka. Dzina la fayilo limakhala ndi chizindikiro kumapeto, U kapena USA, E kapena Europe, J kapena Japan. Yatsani kowerengera liwiro: gemu ikakhazikika pa 50 kapena 25, si kuti foni yanu ndi yofooka, ndi gemu ya PAL ikuyenda pa liwiro lake. Ndipo kwa a mafoni ofookadi, imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa kujambula zithunzi 50 pa sekondi n'kopepukirako kusiyana ndi 60. Gemu imene ikudukizadukiza pa NTSC nthawi zina imayenda bwino pa PAL. Kungoti mukafuna kupikisana ndi anthu a kunja pa kumaliza gemu mwachangu, dziwani kuti nthawi za PAL ndi za NTSC sizifanana, musadzione ngati ndinu aulesi.

Tsopano magetsi, ndipo apa sindikuseka. Ku America ndi 120V, ku Japan ndi 100V, kuno 230V. PlayStation yoyamba ija yotuwa ndi PS2 yonenepa zili ndi zamagetsi m'kati, ndipo kumbuyo zili ndi kabowo ka mano awiri kofanana ndendende ndi ka wailesi. Nthambo ya wailesi ya kunyumba imalowa popanda kukana. Mukailowetsa pa makina a SCPH-1001 n'kuyatsa, mumva phuu, ndipo ngati mwayi ulipo yapsa ndi fyuzi yokha. Maonekedwe a pulagi si umboni, chifukwa wina akhoza kudula ya mano awiri n'kuikapo ya mano atatu. Kaadaputa kaja kosinthira mano a pulagi nakonso sikachepetsa mphamvu, kamangosintha mabowo. Werengani kapepala ka pa makina. Pakalembedwa 220-240V kapena 100-240V, lumikizani. Pakalembedwa 120V kapena 100V yokha, mukufunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo mtengo wake muuwerengere musanagwirizane ndi venda, chifukwa makina otchipawo akhoza kukhala odula mukaphatikiza zonse. PS2 yopyapyala ndiyo yofatsa, zamagetsi zake zimalandira 100 mpaka 240, komabe werengani. Ndipo musamabwerekane maadaputa mwachisawawa. Ya NES imatulutsa AC, pamene Famicom ndi Mega Drive zimafuna DC, ndipo pulagi yake imalowa bwinobwino mpaka makinawo atapsa.

Mukandifunsa kuti mugule ziti, ine ndinganene kuti makina a PAL, makamaka ochokera ku Britain, chifukwa pulagi ndi magetsi n'zofanana ndi zathu, ndipo zimbale za ku Joni zimagwira pomwepo. Mutaya liwiro pang'ono pa magemu a ku Japan, zoona, ndipo okonda Tekken 3 adandaula. Koma kwa munthu amene wasunga ndalama ya maganyu miyezi ingapo, bola Sonic wochedwa kusiyana ndi bokosi lonunkha utsi. Amene ali kale ndi thiransifoma ndi TV yolandira zonse, palibe chomuletsa kutola za NTSC, ndipo mwina azipeza motchipa chifukwa ena anazibweza poganiza kuti n'zakufa.

Loweruka likubwerali bwerani ndi chilichonse chimene chili m'nyumba mwanu: zimbale, makaseti, makina amene anaikidwa pamwamba pa kabati chifukwa ankaonetsa chakuda ndi choyera. Wapampando avomera kuti tigwiritse ntchito TV ya gulu, ndipo ine ndibwera ndi laptop yowerengera SYSTEM.CNF. Amene ali ndi nthambo zitatu zija abwere nazo, tili ndi imodzi yokha. Chonde pasapezeke wolumikiza chilichonse ku soketi tisanawerenge kapepala ka kumbuyo.  Ngati pali mafunso ndilipo.